Dzina la pa Thumba

Mayi Gobnait Hehir ali ndi munda kuseri kwa mpanda wa miyala
ku Clare, kumene mvula imalowa yosaodira,
ndipo mundawo unali utatopa.
Feteleza anakwera mtengo chaka chimene amuna awo anatisiya,
msipu unasuluka ngati malaya akale,
ng'ombe zinkangosuzumira kwa aneba.

Ine ndinachoka ku Latvia ndi chikwama chimodzi
ndi Chingerezi chongokwanira kugula buledi.
Ndinagwada, ndinafukula dothi ndi chala,
ndinati: muno mukufunika āboliņš.
Iwo anati: chiyani?
Ndinabwereza mokweza, ngati kuti vuto linali makutu.
Kenaka ndinaimika zala zitatu.
Anayesa ndikupempha masiku atatu opuma
ndipo nkhope yawo inagwa.

Madzulo anatsitsa kabuku ka malemu Fiachra
pamwamba pa kabati, kothimbirira ndi tiyi.
Pakati pa mitengo ya ana a ng'ombe
ndi nambala ya dokotala wa ziweto
panali mawu awiri a pensulo, opendama:
Trifolium repens.
Ndinamenya tebulo mpaka masupuni anadumpha.
Mawu omwewo ndinkawaona ndili mwana
pa matumba a m'nkhokwe ya amalume ku Madona,
pansi pa zilembo za Chirasha.

"Seamair!" anatero akuseka. "Bwanji osangonena?"
Kunena ndinali nditanena.

Dzinali ndi la Chilatini,
chinenero chimene lero palibe mayi akalipira nacho mwana,
choncho palibe anganene kuti ndi lake yekha.
Tri ndi zitatu. Folium ndi tsamba.
Amene anatcha sanavutike n'kukometsa:
anawerama, anawerenga, analemba.
Repens ndi chokwawa,
poti kachomeraka sikaima njo, kamayenda chafufumimba,
kakuponya mizu pamfundo iliyonse
ngati munthu amene watopa n'kusamuka.

Kusitolo ya mbewu ku Ennis
mnyamata anatinyamulira thumba lina.
Pachithunzi masamba atatu omwewo,
koma dzina lachiwiri linali pratense,
cha kudambo, chachitali, cha maluwa ofiira,
chabwino kumweta n'kusungira nyengo yozizira
koma chosapirira mano a ng'ombe tsiku ndi tsiku.
Mayi Gobnait sanakangane naye.
Anangotsegula kabuku n'kuika chala pa mawu a amuna awo.
Dzina loyamba ndi la banja lonse,
lachiwiri ndi la amene wamudzera;
ukasokoneza, wagogoda pakhomo la mbale wake
ndipo akulandira ndithu, koma si iyeyo.

Tinafesa mu Meyi, njere zake zazing'ono ngati mchenga,
ine ndikukayika ngati mphepo yatisiyirako.
Chaka chotsatira ndinazula kamodzi
kuwaonetsa timatuza ta kumizu, tofiirira,
momwe tizilombo tosaoneka ndi maso
timatapa chonde mumpweya
n'kuchisiya m'nthaka popanda kulemba ngongole.
Njuchi zinabwera zosaitanidwa.
Ng'ombe imodzi, yadyera ija ya nyanga yothyoka,
inadya mopyola mpaka mimba inatupa ngati ng'oma,
tinachezera nayo usiku wonse m'khola, tochi ikutha moto.
Zimenezo dzina silinatichenjeze.
Dzina limangokufikitsa pakhomo,
za m'nyumba umaziphunzira wekha.

Lamlungu lina mdzukulu wawo Sadhbh
anabwera akuthamanga, mawondo ali matope okhaokha,
chibakera chili chofumbata.
"Buku lanu lija lanama," anatero, n'kutambasula dzanja.
Ndinawerenga. Ndinawerenganso.
Masamba anayi.

Ndinafuna kumuuza kuti dzina limanena za ambiri,
kuti banja lililonse lili ndi mwana wake wosamva,
koma Chingerezi changa chinathera panjira.
Mayi Gobnait anatola katsambako ndi zala ziwiri,
anakagoneka m'kabuku, pa tsamba lomwe lija,
n'kutseka, n'kusanjikapo ketulo yozizira.

Lero ukatsegula, kauma, kamatirira papepala,
ndipo kaphimba zilembo zitatu zoyambirira
za dzanja la Fiachra.